Mitengo ya Kumanda Imene Sindinayeze

Kuno ku Jeremani
9 Novembala 2025

Okondedwa achemwali a Deliwe,

Muli bwanji kumeneko, inu ndi alamu a Sungani? Chifuwa chija chinamusiya Liness? Nanga amalume a Matthew, mwendo ukuwalola kutsikira kudimba masiku ano? Ine kuno thupi lili bwino, koma mtima ayi, n'chifukwa chake mwaona kalata m'malo mwa foni. Ndayesa katatu kujambula mawu kuti ndikutumizireni, katatu konse ndafufuta.

Kalatayi akupatsirani Halimah, mwana wa a Sumaili ogulitsa nsalu pa Boma aja. Amagwira ntchito ya unamwino m'tauni momwe muno, ndipo akubwera kutchuthi. Wanyamulanso kaphukusi. Chonde musakatsegule musanafike kumapeto.

Kuno kwazizira kale. Dzuwa likulowa nthawi imene kwathu ana amakhala akuweruka kumene, ndipo tcheni cha njinga yanga chaduka, moti ndikuyenda wapansi kupita kusukulu. Dzana ndinagula manachesi m'sitolo, osalala ngati apulasitiki, opanda nthangala ndi imodzi yomwe. Kukoma kwake sangafike ngakhale aja timaponyera mbuzi pa Thambani. Koma zimenezi n'zazing'ono, ndikungozengereza.

Mukuwakumbukira a Namitengo? Mzungu wamkazi wamtali uja, wachipewa chong'ambika, amene ankabwera kumudzi tili ana n'kumakumbatira mitengo ndi tepi. Amayi ankaseka kuti akanakumbatira mwamuna chotere bwenzi ali ndi ana khumi. Dzina lawo lenileni ndi Pulofesa Lindemeier, ndipo mukudziwa kuti ndi iwo anandipezera malo kuno. Nthabwala ya amayi ija ndinawauza nditangofika. Anaseka mpaka kutsokomola, n'kuyankha kuti mitengo ndi yabwino kuposa amuna chifukwa siithawa ndiponso siinama. Ine ndinaseka nawo. Muona posachedwa chifukwa chake kuseka kumeneko kukundiwawa lero.

Ndikuuzeni pang'ono za mayiwa kuti mumvetse kukula kwa chimene ndachita. Maphunziro awo ndi a jogalafe, makamaka nkhalango za m'maiko otentha. Anayamba ali ndi zaka 26 pa chilumba cha Borneo, kumene ankayenda pabwato masiku atatu kuti akafike ku mitengo yawo, misundu ikuwayamwa m'miyendo. Atalandira udokotala anapita ku Cameroon, malungo anawagwetsa katatu, kenaka ku Brazil. Upulofesa anaupeza mochedwa, anzawo a kalasi imodzi atawapitirira onse, chifukwa iwo ankakhalitsa kutchire pamene anzawowo ankaonekera kumisonkhano. Njira yawo sinasinthe. Amasankha kachigawo ka nkhalango, amakhomera kachitsulo ka nambala pa mtengo uliwonse, ndiye zaka zisanu zilizonse amabwera kudzayeza kuti mtengowo wanenepa bwanji, kapena wafa. Basi. Zaka makumi anayi kudikira mitengo kuti inenepe! Ine kuleza mtima kotero kunkandinyansa, ndinkati dziko likupsa ndi makala iwo ali pa tepi.

Zigawo zawo zambiri zinapita. Za ku Borneo panopa ndi minda ya makampani. Za ku Brazil mukudya ng'ombe. Kwathu anaika khumi ndi zisanu ndi chimodzi mu 1998, ndipo inu nomwe mumaona matumba a makala akutsika pa njinga tsiku lililonse. Chimene chinatsala chosakhudzidwa ndi chimodzi, cha nambala 14, chimene ndi manda a kwathu. Malemu agogo ndi amene anawalola kukhomamo manambala, atapangana kuti azilowa motsogozedwa ndi adzukulu ndipo asathyole ngakhale kanthambi. Pangano limeneli a Namitengo sanaliswepo. Analiswa ndine, mdzukulu wa mwini pangano, ndipo ndinaliswa osalowamo n'komwe.

Mukukumbukira Epulo wa 2023. Amayi atatisiya munagwirizana zondibisira mpaka nditalemba pepala lomaliza ku koleji. Lero ndikudziwa kuti munachitira ine. Nthawi imeneyo sindinkaona choncho, ndipo ndinakhala miyezi inayi osaponda kumudzi. Mu Ogasiti a Pulofesa anachitidwa opaleshoni ya bondo, ndiye anandidalira ine kuti ndikayeze zigawo zonse m'malo mwawo. Ndinafika ndi galimoto yahayala, nsapato zatsopano ndi mulu wa mafomu, kudzimva bwana. Zigawo khumi ndi zisanu za m'nkhalango ndinaziyeza moona, ndikulumbira, ngakhale zambiri zinali zitsa zokhazokha.

Lachitatu ndinapita kwa amalume kukanena kuti mawa ndikulowa kumanda, poti galimoto ikubwerera Lachisanu. Ndinawapeza akusenda nachesi pakhonde. Sanakalipe. Anandigawira theka, n'kundiuza mofatsa kuti munthu amene mayi ake agona mmenemo, ndipo sanakhalepo poika, salowa koyamba ndi tepi ngati telala wopita kukayeza kasitomala. Ayambe waperekezedwa kukaonetsedwa pamene mayi ake agona, alire, atuluke, ndiye za ntchito zibwere pambuyo. Anati aitana azakhali ndi adzukulu, ndipo Loweruka zonse zitheka.

Zimene ndinawayankha inu munazimva muli kuseri kwa nyumba. Ndinati miyambo yotereyi ndi imene ikuchititsa kuti Mwanza asatukuke. Ndinati sindingapemphe chilolezo choonera mayi anga kwa anthu amene anandibisira maliro awo. Amalume anangoyang'ana makoko a nachesi m'manja mwawo n'kunena kuti Loweruka si kutali, mphwanga.

Achemwali, galimoto ija ikanadikira. Dalaivala anali atanena kale kuti masiku ochepa si nkhani. Zoona zake n'zakuti ndinkaopa. Ndinkaopa kukaima pa mtumbira anthu onse akundiyang'ana kuti aone ngati wa digiri amalira. Ndiye ndinabisala kuseri kwa changu changa.

Lachinayi ndinakhala m'chipinda cha nyumba ya alendo pa Boma, ndi mafomu a 2018 kumanzere, mafomu atsopano kumanja. Mtengo uliwonse ndinauwonjezera pang'ono. Muwanga theka la sentimita, msuku sentimita imodzi, mombo imodzi ndi theka. Mitengo 212 ndinaimaliza m'maola awiri, ntchito ya masiku awiri. Kenaka ndinatuluka panja, n'kupaka mafomuwo kafumbi kuti aoneke ngati anapita kutchire. Ndinadziuza kuti mitengo ya kumanda ilibe kopita, ikukula basi, ndani angadziwe. Chimodzi sindinachiganize. Sindinalembe kuti mtengo wina uliwonse wafa. Ndikanadziwa bwanji woti ndiuphe, osauona?

Chaka chotsatira ndinakutsanzikani pa Boma pomwe, mwachangu, n'kukwera minibasi ya ku Blantyre. Kumudzi sindinafikeko. Munati ndege siithawa mawa, ine ndinati muli ndi maganizo akumudzi.

Mwezi watha a Pulofesa anandiitana ku ofesi kwawo. Pakhoma pali chithunzi chimodzi chokha, cha iwo mu 1998 ataima ndi agogo patsinde pa mbawa waukulu uja wa polowera kumanda, mtengo nambala 37. Ndinawapeza maso akuwala ngati mwana. Anati akhala akuwerengera mwezi wathunthu, ndipo sakukhulupirira zimene akuona. Namondwe wa Freddy anadutsa kwathu mu Malichi 2023, mitengo inagwa m'madera ambiri, koma m'chigawo 14, malinga ndi mafomu anga, palibe ndi umodzi womwe umene unafa. Pa zimenezi amangapo ganizo latsopano, loti nkhalango yakale yosakhudzidwa ndi nkhwangwa imadzitchinjiriza yokha ku mphepo. Alemba kale pepala loti litumizidwe kwa osindikiza pa 15 Disembala, ndipo dzina langa lili lachiwiri pambuyo pa lawo.

Si zokhazo. Mu Febuluwale akupuma pantchito, ndipo mwambo wa kuno ndi woti pulofesa amakamba nkhani yotsanzika pamaso pa anzake onse. Anandiuza kuti moyo wawo wonse akhala akubweretsa uthenga wa maliro a nkhalango, ndipo akuthokoza kuti kamodzi kokha, pomaliza, abweretsa nkhani yabwino. Akufuna ndidzaime nawo mphindi zisanu, ndifotokoze za mwambo wa kwathu wosadula mitengo ya kumanda. Ine Kinsley, amene ndinanyoza mwambowo pakhonde pa amalume, ndikaime nditavala tayi kuutamanda. Anamaliza ndi kundionetsa kalata imene andilembera kuti ndipitirire ku udokotala. Anati m'zaka zonsezi sanakhalepo ndi wophunzira wa mafomu aukhondo ngati anga.

Ndinathokoza, achemwali. Ndinagwira dzanja lawo n'kuthokoza. Potuluka ndinadzitonthoza kuti mwina manambala angawo sali kutali ndi zoona, mwina mitengoyo ilidi yonse.

Kenaka inu munatumiza zithunzi za mwambo wa chiliza cha amayi. Ndikuthokoza kuti munaugwira bwino ine kulibe. Koma pa chithunzi chachitatu, pamene amalume ndi akuluakulu anzawo akhala podikira abusa, anakhalira chiyani? Ndinakulitsa chithunzicho mpaka chinayamba kuchita mbuu. Chinali chipika chachikulu chogona, ndipo pafupi ndi bondo la amalume panali kachitsulo. Nditakufunsani, munandiseka kuti ndiye ndine mlendo weniweni, mbawa umenewo unagwa kale ndi Freddy, pamodzi ndi ina isanu kapena isanu ndi umodzi ya mbali ya kukhwawa. Munati nthambi zake ndi zomwe adzukulu anadula kuti zikhale nkhuni za pamaliro a amayi. Munanena mongodutsa, kenaka n'kuyamba za mtengo wa feteleza.

Mudzi wonse unawotha nkhuni za mtengo umenewo. Liness yemwe akudziwa kuti unagwa. Ndine ndekha, katswiri wa nkhalango, amene sindinkadziwa, ndipo m'mafomu anga nambala 37 inanenepa ndi masentimita awiri itagona pansi miyezi isanu.

Kuchokera tsiku limenelo m'kalasi ndimamva mawu koma osagwira kanthu. Ndikakumana nawo pa masitepe, akukoka mwendo wawo wa opaleshoni uja, amandipatsa moni m'Chichewa chawo chothyoka, kuti mwadzuka bwanji achimwene, ine n'kumalakalaka pansi patatseguka.

Mvetsani chimene chili pachiswe. Kuno bodza la manambala salitenga ngati kulakwitsa. Akhoza kundichotsa sukulu, ndipo sukulu ikatha chilolezo chokhalira kuno chathanso. Ndidzatsika minibasi pa Boma ndi chikwama chomwe chija, anthu amene ndinkawauza kuti ndikubwera kudzasintha Mwanza akundiyang'ana. Zimenezo zikundiopsa, sindinama. Koma choopsa kwambiri n'chakuti pepala lija likasindikizidwa, tsiku lina wina adzapita kukaona nkhalango yodabwitsayo, adzapeza chipika chili gone ndi nambala yake. Sadzati Kinsley ananama. Adzati manambala a Lindemeier ngokayikitsa, kuyambira ku Borneo mpaka ku Thambani. Zaka makumi anayi za misundu ndi malungo zidzathera pa maola anga awiri a pa Boma. Ndipo chowawa n'chakuti mfundo yawo yaikulu ndi yoona. Mwambo wasungadi mitengo imene alonda a mfuti analephera kusunga. Bodza langa silinkafunika n'komwe.

Tsopano pempho langa, ndipo ndi limodzi.

Mupite kwa amalume. Musatume munthu, mupite nokha, mukagwade m'malo mwanga. Muwawerengere kalatayi yonse, ngakhale pamene pali ponyansa. Muwapemphe alole kuti alamu a Sungani alowe kumanda ndi mkulu wa adzukulu, akayeze mitengo yonse moona. Alamu ndi mphunzitsi, tepi ndi fomu sizingawavute, ndipo iwo anakhalapo poika amayi, palibe chowatsekereza. M'kaphukusi muli tepi yoyezera mitengo, mapensulo ndi mafomu okhala ndi manambala onse 212. Azizunguliza tepi pa msinkhu wa pachifuwa, chala chimodzi pamwamba pa kachitsulo, tepi isapendekeke. Wouma alembe kuti wauma. Wogwa alembe kuti wagwa, ndipo ngati adzukulu akukumbukira kuti unagwa liti, alembenso. Umene sakuupeza alembe kuti sanaupeze. Asalembe za m'mutu ngakhale pa mtengo umodzi. Ndikudziwa mmene mawu amenewa akumvekera pochokera kwa ine, sekani ngati mukufuna.

Akamaliza mujambule tsamba lililonse ndi foni n'kunditumizira. Halimah akufika pa 16. Ngati zingatheke Loweruka ndi Lamulungu lotsatira, mvula isanalimbe, zingandithandize. Taonani, ndayambanso kuthamangitsa anthu. Ngati amalume anena kuti tidikire, tidikira. Koma muwauze kuti 15 Disembala ndi tsiku lenileni, si galimoto yahayala.

Ndikudziwa chimene mukuganiza, chifukwa munandilera. Mukuti Kinsley akufuna manambala oona kuti akasinthe mwakachetechete mu kompyuta, wina asadziwe. Ndinaganizadi zimenezo, masiku anayi athunthu. Ndinapeza ndi njira yake yomwe, ndikanati ndinasokoneza mafayilo. Koma likanakhala fumbi lina lopaka pa mafomu. Ndiye ndadzitsekera njira ndekha. Ndapempha kuonana ndi a Pulofesa Lachinayi likubwerali, teni koloko m'mawa, ndipo ndawalembera kale kuti ndi nkhani ya chigawo 14 ndiponso kuti asatumize pepala lija. Pamene mukuwerenga kalatayi ndidzakhala nditanena kale. Sindikudziwa ngati adzakalipe kapena adzangoyang'ana chithunzi chija pakhoma. Ndikuopa kwambiri chachiwiricho. Ndiyenera kuwauzanso kuti mtengo umene anaimapo ndi agogo kulibe.

Manambala a alamu sangafufute zimene ndinachita. Chaka cha 2023 chatayika, sichidzayezedwanso. Koma mayi aja asapite kukatsanzika anzawo manja ali lende. Akhale ndi kanthu koona kochokera ku nkhalango yawo yomaliza, ngakhale kakhale koti mitengo isanu ndi iwiri inagwa ndipo mazana awiri aima. Imeneyonso ndi nkhani yabwino, ndikanangodikira Loweruka.

Mundiperekere moni kwa azakhali, muwauze kuti mpango uja ndikuvala tsiku lililonse. Moni kwa alamu a Sungani, ndipo mundipepesere powasenzetsa ntchito ya masiku awiri pa nthawi yokonza m'munda. Liness mumuuze kuti amalume ake sanaiwale za buku la zinyama. Moni kwa a mpingo onse amene anathandiza pa chiliza. Kwa amalume a Matthew sindikudziwa ngati moni wanga angaulandire, koma muwapatse. Muwauze kuti kaya andichotsa kuno mwezi uno kaya ndimaliza, tsiku limene ndidzafike sindidzanyamula tepi. Adzasankhe okha Loweruka, ndidzadikira.

Chomaliza, achemwali. Chithunzi cha chiliza munajambula pafupi kwambiri, chikungooneka simenti ndi dzina. Alamu akamayeza, akafika pa mtengo umene waima pafupi ndi pamene amayi agona, aike kamtanda pambali pa nambala yake. Ndinalemba mitengo 212 ya m'manda amenewo, dzina ndi kunenepa kwake, koma sindikudziwa umene ukuwapatsa mthunzi amayi.

Ndine mlongo wanu wosamva uja,

Kinsley